Mankhwala otsatsidwa pa kanema: amayang'anira ndani?

Mukamaonera kanema pa Chimbiya, mwina munaonapo otsatsa zitsamba akunena kuti zimachiza shuga, BP ngakhale Edzi. Dziwani kuti nyumba iliyonse ya kanema m'Malawi muno imaulutsa ndi chiphaso chochokera ku MACRA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Bungweli limatha kulanda chiphaso, monga linachitira ndi Rainbow TV mu 2022 kaamba kosalipira ndalama za chiphasocho.

Koma chiphaso cha kanema si umboni woti mankhwala otsatsidwawo amachiza. Owunika mankhwala ndi a bungwe la PMRA. Choncho musasiyitse mwana kapena wodwala wanu ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa cha zimene mwaona pa kanema. Kafunseni kaye kuchipatala, ndipo uthenga ukakhala wabodza, kadandauleni ku MACRA.