Zimbale tili nazo, nanga tiziliza pati?

Mwezi watha kunyumba kwathu kudafika mayi anga aang'ono kuchokera kumudzi. Titatha kudya nsima yamadzulo, iwo adapempha kuti tiwaikire kanema wa ukwati wa mchemwali wanga womwe udachitika m'chaka cha 2009. Sikuti ankafuna kuona akwati ayi. Ankafuna kuona amuna awo, omwe adatisiya zaka zinayi zapitazo, akuvina pa perekaniperekani.

Chimbalecho sichidavute kupeza. Chidali m'sutikesi, pakati pa masatifiketi ndi makadi akusikelo a ana. Vuto lidali poikapo. Makina a DVD a pabalaza adafa kalekale, moti masiku ano ntchito yake n'kukhazikapo maluwa apulasitiki. Mwana wanga adatulutsa laputopu yake, tidaitembenuza uku ndi uku, koma polowetsa chimbale osaoneka. Tidatuma mwana kwa aneba. Ena adati awo ana adaphwasula, ena adati adakasiya kwa okonza mawailesi chaka chatha ndipo sadapitekonso.

Mayiwo adabwerera kumudzi osaiona nkhope ya malemu.

Ndikukhulupirira kuti m'makomo ambiri pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda kaya pa Liwonde muli zimbale zotere: za ukwati, za chinkhoswe, za tsiku lomanga chiliza, za kwaya ya kumpingo, za mwana akulandira digiri. Zimbalezo zilipo ndithu. Chomwe chikutha mwakachetechete ndi makina oziwerengera.

Chimbale cha CD chidayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1982, kampani ya Philips ya ku Netherlands ndi ya Sony ya ku Japan zitagwirizana za kapangidwe kake. Panthawiyo chidali chodabwitsa. Kambale ka masentimita 12 m'mimba mwake kankanyamula nyimbo za mphindi 74, popanda singano ngati ya galamafoni, popandanso tepi ija inkati ikatafunidwa n'kumaikulunga ndi bolopeni. Pachimbalepo pali timaenje ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tondandalikana mozungulira kuchokera pakati kupita m'mphepete. Mzere wa timaenjeti mutautambasula ungapitirire makilomita 5. M'makinamo muli kadiso kotulutsa kuwala kwa leza, komwe kamalondola mzerewo n'kumawerenga.

Mu 1996 kudabwera DVD, yomwe imodzi yokha imanyamula zomwe zingadzaze ma CD 6. Mu 2006 kudabweranso Blu-ray, yonyamula za ma DVD 5, koma iyi kuno sidazike mizu. Ambiri tidangoimvera dzina.

Kwathu kuno kaseti idalamulira nthawi yaitali. Zimbale zidadzaza m'misika m'zaka za m'ma 2000, makina otsika mtengo atayamba kufika m'masitolo. Amene adalipo akukumbukira mabenchi a zimbale pamsika, mafilimu a ku Nigeria otha ndi gawo lachinayi, nyumba zoonetseramo kanema zotchinga ndi mabango, ana akusuzumira pazibowo chifukwa chosowa yolowera. Mawu oti "kubena" adalowa m'Chichewa nthawi yomweyo. Oimba adalira nawo mawuwa, chifukwa aliyense wokhala ndi kompyuta adasanduka fakitale ya nyimbo za eni ake. Bungwe la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, lidalimbana nazo zimbale zachinyengozi, kumata zizindikiro zonyezimira pa zovomerezeka ndi kulanda zabodza, koma kudali ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ngakhale zidali choncho, chimbale chidapatsa woimba chinthu chogwirika m'manja. Ankatha kunyamula chikwama cha zimbale, kuima padepoti kapena pakhomo la tchalitchi, madzulo n'kubwerera kwawo ndi ya ndiwo. Makwaya angati adasoka yunifolomu ndi ndalama ya zimbale? Lero nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana yazungulira dziko lonse pa WhatsApp, mwini wake osaonapo ngakhale tambala.

Kutha kwa makinawa kudayambira kutali. Mu Januwale 2008, Steve Jobs, yemwe adali mkulu wa kampani ya Apple, adaima pamaso pa anthu mumzinda wa San Francisco n'kusolola laputopu m'envulopu ya khaki. Idali MacBook Air, yopyapyala mochititsa kaso, ndipo chimodzi mwa zinsinsi za kupyapyalako chidali choti idalibe polowetsa chimbale. Ambiri adaiseka kuti ndi kompyuta yosakwanira. Pofika 2016 Apple idasiya kugulitsa laputopu yake yomaliza yokhala ndi kadirowa ka chimbale, ndipo makampani enanso adatsata njira yomweyo.

Zifukwa zake n'zomveka. Kadirowa kaja kamadya malo aakulu m'kati mwa laputopu, malo omwe opanga amakonda kuikapo batire lokulirapo. Kali ndi injini yozunguza chimbale, timagiya ndi kadiso kosachedwa kugwira fumbi, choncho nthawi zambiri ndiko kamayamba kufa kompyuta yonse ili bwinobwino. Komanso fulashi ya 32GB, yochepa ngati chala chaching'ono, imameza zomwe zingadzaze ma CD oposa 40. Ndani angapitirize kusenza mtolo wa nkhuni makala ali m'thumba?

Ku America, komwe m'chaka cha 2000 kudagulitsidwa ma CD anyimbo oposa 900 miliyoni, pofika 2022 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 33 miliyoni. Chaka chimenecho mbale zakuda za galamafoni, zomwe CD idabwera kudzazikwirira, zidagulidwa zokwana 41 miliyoni. Kampani ya Netflix, yomwe idayamba ndi ntchito yotumizira anthu ma DVD papositi, idatseka ntchitoyo mu Sepitembala 2023 itaigwira zaka 25. Kumapeto kwa 2024 kampani ya LG idasiya kupanga makina oonetsera Blu-ray, ndipo mu Febuluwale 2025 Sony yomwe ija, mayi wake wa CD, idasiya kupanga zimbale za Blu-ray zopanda kanthu zojambuliramo.

Ife kuno timakhala m'mbuyo pang'ono, ndipo pankhani iyi kutsalirako kwatithandiza. Makompyuta ambiri amene timagula ndi ogwirapo kale ntchito kunja, choncho ena amabwerabe ndi kadirowa kaja. Chimodzimodzi galimoto zakale zochokera ku Japan. Amene adagulapo akudziwa kuti wailesi yake imakana masiteshoni ambiri a kuno, chifukwa FM ya ku Japan idayalidwa pakati pa 76 ndi 90, moti kwa madalaivala ambiri chimbale ndicho chidali chowachotsa tulo pamsewu wa M1. Ena adapezamo ndi chimbale cha nyimbo za Chijapani chomwe mwini galimoto woyamba adaiwala. Koma katundu wakaleyu akutha. Amene akufika tsopano adapangidwa nthawi yomwe opanga adali atatseka kale khomo la chimbale.

Ku Japan komweko, komwe anthu amakondabe kugula nyimbo ndi mafilimu pazimbale, kudachitika zoseketsa mu Okutobala 2025. Pa 14 mwezi umenewo kampani ya Microsoft idasiya kupereka chisamaliro chake cha nthawi zonse ku Windows 10, ndipo anthu ambiri adakakamizika kugula makompyuta atsopano. Atafika nawo kunyumba adapeza zomwe tidapeza ife usiku uja. Nyuzipepala zidalemba kuti m'masitolo ena a ku Akihabara, dera lotchuka ndi zamagetsi mumzinda wa Tokyo, makina owerengera zimbale adasowa chifukwa cha kulimbirana.

Ndiye kodi makinawa akadali ndi ntchito? Kwa mnyamata amene nyimbo zake zonse zili pafoni, ndivomere, alibe. Sadzagula chimbale moyo wake wonse, ndipo palibe chomwe akutaya. Koma kwa banja lomwe lidajambulitsa zochitika zake pakati pa 2000 ndi 2015, nkhani ndi ina. Filimu ya ku Nigeria mudzaipeza pa YouTube. Ukwati wanu simudzaupeza. Chimbale cha kwaya ya pampingo panu cha mu 2005, chomwe adangobena 200 n'kugawana, palibe adachiika pa intaneti. Wojambula uja adasamuka, kompyuta yake idapsa ndi magetsi, ndipo chimbale chili m'sutikesi mwanumo mwina ndicho chokhacho chotsala padziko lonse.

Chimbale chilinso ndi ubwino wina womwe timauiwala. Sichifuna bandulo, sichidikira netiweki. Chikabenedwa n'kutsekedwa, vairasi silowamo, pomwe fulashi ikangozungulira makompyuta atatu a pamsika imabwera itadwala. Mwana sangachifufute mwangozi ngati momwe amachitira ndi memore khadi pofuna malo a magemu. Foni imabedwa m'minibasi pamodzi ndi zithunzi za zaka zisanu. Ndipo fulashi nayo si nkhokwe yamuyaya: imasunga zinthu ndi timphamvu tamagetsi tomwe timatha kuchucha pang'onopang'ono ikakhala zaka zambiri osailumikiza. Osanenanso za mafulashi achinyengo olembedwa 64GB pomwe m'kati mwake ndi kachibowo.

Koma pasapezeke wonamizidwa kuti chimbale n'chosafa. Pali kusiyana pakati pa chimbale chodindidwa kufakitale ndi chobenedwa pamsika. Chakufakitale timaenje take ndi todindidwa m'pulasitiki momwemo, ndipo chikasungidwa bwino chimakhala zaka makumimakumi. Chobenedwa chimadalira utoto wopyapyala womwe leza imautentha polemba. Utoto umenewu umadana ndi dzuwa, kutentha ndi chinyontho. Taganizani za sutikesi ili pamwamba pa wadiropu, pansi penipeni pa malata, mwezi wa Okutobala ku Salima kapena ku Nchalo. Zimbale zathu zambiri zamaukwati n'zobenedwa, ndipo zambiri zidabenedwa pa zotsika mtengo zija zogula mulu.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa n'choti CD imapweteka msanga kumsana, kumene timalembako dzina, osati kumaso konyezimira kokha. Nyimbo zimakhala pafupi kwambiri ndi kumsanako, moti kulemba ndi bolopeni mokanikiza kapena kumatula pepala lomwe lidamatidwapo kukhoza kuchotsa nyimbo zenizenizo. Kumaso kukada, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Mukaona timadontho ngati nkhungu, kapena siliva wayamba kusupuka m'mbali, dziwani kuti nthawi yatha.

Zikatere, nzeru ndi kukopera zinthuzo makina akadalipo. Alipo makina apadera owerengera zimbale olumikiza kulaputopu ndi chingwe cha USB, aakulu ngati kabuku ka nyimbo, ndipo amapezeka m'masitolo a zamakompyuta m'mizinda. Sikofunika khomo lililonse ligule akeake. Amodzi akhoza kukwanira mpingo wonse kapena banja lonse, kumabwerekana ngati chitsulo chosindikizira njerwa. Apo ayi, pitani kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Ambiri adasamukira kumamemore khadi, koma ena akadali ndi makompyuta akale a bokosi lalikulu aja. Auzeni akopere chimbale chonse monga chilili, muonere pomwepo kuti chatuluka, ndipo musachoke musadaone kuti afufuta zotsala pakompyuta yawo, chifukwa za m'banja mwanu si zoti zizizungulira pamsika. Izi ndi za zinthu zanuzanu. Kukopera chimbale cha woimba n'cholinga chogulitsa ndi mlandu pansi pa lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 2016.

Mukakopera, musasunge pamodzi. Kope ina ikhale pafulashi, ina kwa mchimwene wanu ku Mzuzu, ina kwa mwana amene ali ku Joni. Mukatumizirana pa WhatsApp dziwani kuti kanema amafinyidwa ndipo nkhope zimafika zosaoneka bwino. Chimbalecho musataye, chibwezereni m'kabokosi kake, pamalo ozizira ndi amdima.

Ife tidachita mwayi. Patatha sabata ziwiri ndidapeza mnyamata wina kuseri kwa msika, pakati pa ogulitsa makala ndi okonza njinga, ali ndi kompyuta yakale yomwe kadirowa kake amachita kukatsegula ndi waya wa pepala. Chimbale chidalira, chidazungulira, chidakakamira. Adachitulutsa, adachiuzira mpweya, adachipukuta ndi malaya, mozungulira, ine mtima uli m'mwamba. Ulendo wachitatu chidayenda. Mbali ya kutchalitchi idatuluka yonse. Ya kuholo idadukaduka, ndipo mphindi pafupifupi 20 za kumapeto, pomwe akwati ankadula keke, zidapita osabwerera. Koma perekaniperekani adatuluka, bambo aang'ono ali m'suti yawo yotuwa, akuponya ndalama m'lichero imodziimodzi kuti nyimbo isathe msanga.

Tidaika pamemore khadi n'kupatsira wa minibasi. Madzulo a tsiku lotsatira mayi aang'ono adaimba foni. Adati aonera kanayi pafoni ya mdzukulu wawo mpaka batire kutha, ndipo adafunsa kuti mayi wowonda amene akuvina pambali pa amuna awoyo ndi ndani. Ndidawauza kuti ndi iwo omwe.