Chitsulo Chakale Ndi Mboni ya Mbiri

Aliyense amene anakwerapo msewu wa Gorodi, kuchokera ku Chitimba m'mphepete mwa nyanja kukafika ku Livingstonia pamwamba pa phiri la Khondowe, amadziŵa kuti msewu umenewu suchitira chifundo galimoto yofooka. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona akuthwa ngati 20, ndipo galimoto zimene zakhala zikulimbana nawo kwa zaka zambiri ndi zija zokoka ndi mawilo onse anayi, monga Land Rover. Ambiri mwa okwera galimoto zotere sadziŵa kuti kholo lake ndi galimoto yankhondo.

Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, makampani a Willys ndi Ford ku America anapanga galimoto zazing'ono zotchedwa jeep, zokwana pafupifupi 640,000 pakati pa 1941 ndi 1945. Nkhondo itatha, Maurice Wilks wa kampani ya Rover ku England ankagwiritsa ntchito jeep yotsala kunkhondo pa famu yake, ndipo potengera pa iyo, kampaniyo inatulutsa Land Rover yoyamba mu 1948. Asilikali a King's African Rifles ochokera m'dziko lino, amene anamenya nkhondo ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944, anayenda m'galimoto za asilikali, ndipo ena mwa iwo anabwerera kwawo ali madalaivala ndi amakaniko.

Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa kuli anthu amene nthaŵi yawo yopuma amaithera pofunafuna galimoto zankhondo zakale, kuzikonza mpaka ziyendenso, ndi kuzionetsa kwa anthu. Kunyumba yosungiramo akasinja ku Bovington, ku England, kuli kasinja wa Ajeremani wotchedwa Tiger 131, amene anagwidwa ku Tunisia mu 1943. Atakonzedwa kwa zaka zambiri, ndiye yekha wa mtundu wake amene akuyendabe. Okonda ntchitoyi satamanda nkhondo ayi, ndipo mfuti zimene zimakhala pa galimotozo amaziphetsa kuti zisawomberenso. Chimene amafuna n'chakuti mwana wobadwa mumtendere aone ndi maso, akhudze ndi dzanja, chinthu chimene agogo ake anachidziŵa m'masiku a zoŵaŵa.

Ntchito yake ndi yofuna kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri asanamasule nati ngakhale imodzi, amayamba waŵerenga kachitsulo kolembedwa nambala ndi chaka cha galimotoyo, kuti adziŵe maonekedwe ake enieni a pachiyambi. Kenaka amajambula chithunzi cha mbali iliyonse, ndipo chipangizo chilichonse chimene wachotsa amachilemba dzina ndi kuchisunga pachokha. Akatero amafika pa chasisi, msana weniweni wa galimoto. Land Rover yakale imanyenga maso pamenepa: thupi lake ndi la aluminiyamu, losachita dzimbiri, koma chasisi yake ndi yachitsulo, ndipo imadyeka mkati mwakachetechete. Wopaka penti pamwamba pa dzimbiri amangopanga chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mmisiri weniweni amapala dzimbiri lonse, nadula pamene pavunda, nawotcherera chitsulo chatsopano, asanaganize za injini, giya ndi mabuleki.

Galimoto ikadzuka, kuisamala ndiyo ntchito yosatha. Imafuna denga, makamaka kumalo a nkhungu ndi mvula yambiri ngati Khondowe. Imafuna kulizidwa ndi kuyendetsedwa kaŵirikaŵiri, chifukwa ikangokhala, petulo amaonongeka mu thanki, mabuleki amagwirana, matayala amang'aluka ndipo batire limafa. Makina amafa msanga ndi ulesi kusiyana ndi ntchito.

Nanga Malaŵi ali ndi chiyani choti asunge? Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, inafika kumpoto kuno: pa 9 September 1914 Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga. Koma katundu wa nkhondo imeneyo sananyamulidwe ndi galimoto kwenikweni. Ananyamulidwa pamitu ya amtengatenga, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000, ndiponso ndi sitima zapanyanja. Choncho makina ankhondo amene mbiri ya dziko lino inawadziŵa poyamba anali oyenda pamadzi.

Pa 13 August 1914 sitima ya boma yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inafika ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, niiwombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa. Olemba mbiri amati kumeneku ndiko kunali kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi m'nkhondo yonseyo. Lero sitima ya Guendolen kulibe. Chotsala ndi mfuti yake, imene inaikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Mwana wasukulu angathe kuiona mfutiyo, koma sangakwerenso sitima imene inainyamula.

Inzake, Chauncy Maples, inapulumuka. Sitima imeneyi inapangidwa ku Glasgow mu 1899 kuti itumikire mishoni ya U.M.C.A., ndipo inabwera m'zidutswa zoposa 3,000. Manambala olembedwa pa zidutswazo anakwiririka pamene zinkakutidwa ndi mankhwala oteteza dzimbiri, kotero kuti amisiri anavutika kwa zaka ziŵiri kupeza malo a chidutswa chilichonse, ndipo sitimayo inaloŵa m'madzi mu 1901. Pa Nkhondo ya Chiwaya inanyamula asilikali. Mu 2009 kunayambika ntchito yoikonzanso ku Monkey Bay kuti ikhale chipatala choyenda panyanja, koma ntchitoyo inaima isanafike kumapeto. Phunziro lake ndi lomveka: kudzutsa chitsulo chimene chagona nthaŵi yaitali kumadya chuma chochuluka kuposa kuchisamala chikadali ndi moyo.

Livingstonia ndi malo oyenera kumvetsa zimenezi. Dr Robert Laws atakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inaphunzitsa achinyamata ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi ntchito zamakina pamodzi ndi maphunziro a m'kalasi. Nyumba ya Stone House, yomangidwa mu 1903, ikusungabe katundu wa m'masiku amenewo chifukwa panapezeka anthu oganiza kuti zakale si zinyalala. Luso la manja nalonso silinathe m'dziko muno. M'matauni onse muli amakaniko odziŵa kudzutsa injini imene kwina akanaitaya kalekale. Chosoŵa ndi mtima woona phindu la mbiri m'chitsulo chakale, pakuti galimoto zakale zogona kuseri kwa magalaja, m'maesiteti ndi m'mamishoni zimathera kwa ogula zitsulo, amene amaziyeza pa sikelo ndi kulipira pa kilogalamu.

Wachinyamata womaliza sukulu sangakwanitse kugula kasinja, komanso sikofunika kutero. Angayambe ndi injini yakale ya chigayo, njinga yamoto kapena Land Rover yotayidwa, pansi pa mmisiri wodziŵa, ndipo luso limene angapeze pamenepo lidzamudyetsa moyo wake wonse. Aphunzitsi a mbiri ndi a sayansi nawonso angagwirizane, popeza mutu umodzi susenza denga: ophunzira alembe m'kaundula makina akale a m'dera lawo, nambala zake, chaka chake, ndi zimene akuluakulu akukumbukira za iwo. Chitsulo chikaloŵa m'ng'anjo sichibwereranso, ndipo umboni umene chinasenza umasungunuka nacho pamodzi.