MALOJI A M'CHIRE: KODI MLENDO AMALIPIRA CIANI?

M'phunziro lathu la lero tikambirana za nyumba za alendo zimene zimamangidwa kutali ndi mizinda, pakati pa nkhalango, m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Nyumba zimenezi zimachedwa maloji. Inu amene mumakhala m'boma la Mambwe mwina munaziwonapo, kapena muli ndi abale amene amagwirako nchito. Ena simunaziwonepo. Koma funso limene tifuna kuyankha likhudza ife tonse. N'cifukwa ninji munthu amasiya mzinda wa London kapena New York, kumene kuli magetsi, misewu yosalala ndi masitolo aakulu, nadzagona m'nyumba yaudzu pafupi ndi dziŵe la mvuu? Maloji ena amalipiritsa munthu mmodzi madola a ku America oposa 1,000 pa usiku umodzi wokha. Kodi mlendo ameneyo akugula ciani?

Loji ya m'chire ndi yotani?

Loji ya m'chire ndi yosiyana ndi hotela ya m'tauni. Hotela ikhoza kukhala ndi zipinda 200, koma loji ya m'chire kaŵirikaŵiri imakhala ndi zipinda 6, 8 kapena 12 zokha. M'kati muli kama wabwino wokhala ndi ukonde wochinga udzudzu, madzi otentha osamba, ndi cakudya cokonzedwa mwaluso. Magetsi ambiri amacokera ku dzuŵa. Mafuta, ufa, sopo ndi katundu wina amayenda ulendo wautali pa galimoto, pa bwato kapena pa ndeke yaing'ono kuti akafike kumeneko. Cimeneci ndi cifukwa cimodzi cimene mtengo umakwerera.

Komatu kama wabwino mlendoyo ali naye kwawo. Cimene alibe ndi bata la usiku wopanda phokoso la magalimoto, nyenyezi zowala popanda nyale za m'misewu, ndi kubangula kwa mkango kutsidya la mtsinje. Iye akugula chire lenilenilo. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tidzabwererako.

Ciyambi cake m'cigwa ca Luangwa

Nkhani ya maloji m'dziko lathu imayamba ndi anthu aŵiri. Woyamba ndi Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique m'caka ca 1912. Pa unyamata wace iye anali mlenje, ndipo boma la atsamunda linamulemba nchito yowombera njobvu zowononga minda. Waciŵiri ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda. M'caka ca 1950 aŵiriŵa anapangana kuti mfumu ipatule gawo la dziko lace kukhala malo osungirako nyama, ndi kuti ndalama zimene alendo adzapereka powona nyamazo zidzithandiza anthu a mfumuyo. Motero kunamangidwa msasa wa Nsefu, umene unali woyamba wotere m'Northern Rhodesia yense.

Ganizo limeneli linali lacilendo masiku amenewo. Azungu ambiri anali kubwera ndi mfuti, ndipo nyama inali ya phindu itafa. Koma njobvu imaphedwa kamodzi kokha, pamene njobvu yamoyo ikhoza kujambulidwa ndi alendo zaka makumi angapo. Carr anachukitsanso ulendo wowona nyama poyenda pansi. Alendo oŵerengeka amandondozana mwakacetecete, patsogolo pali msilikali wa nyama ndi mfuti, ndipo wowatsogolera amawasonyeza mapazi a kambuku, ndowe ya njati ndi mitengo ya mankhwala. Carr anamwalira m'caka ca 1997, koma ulendo wapansiwo ndiwo umachukitsa Luangwa kufikira lero.

Nkhalango ya South Luangwa inakhala paki ya dziko m'caka ca 1972, ndipo kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050. M'cigwaci muli mtundu wa nyamalikiti wa Thornicroft, umene supezeka kwina kulikonse. Misasa ina ya m'katikati mwa pakiyi imamangidwa ndi mitengo, bango ndi udzu mvula ikatha, ndipo imapasulidwa mu Novembala, pakuti m'dzinja mtsinje umasefukira ndipo njira zimasanduka matope. Pa Mfuwe Lodge pamacitika cinthu cosangalatsa. Zipatso za mtengo wa mtondo umene uli m'bwalo la lojiyo zikapsa, ca m'ma Novembala, banja la njobvu limadutsa m'cipinda colandirira alendo kupita kukadya. Anchito amapatuka naziyang'ana zikudutsa, cifukwa adziŵa kuti njirayo inali ya njobvu lojiyo isanamangidwe.

Tiyeni tipite ku maiko ena

Tsopano tengani mapu a dziko lonse, tiyende pamodzi. Tiyambe ndi Kenya. M'nkhalango ya Aberdare, m'caka ca 1932, munamangidwa kanyumba pamwamba pa mtengo wa mkuyu, pafupi ndi dziŵe pamene nyama zimamwa madzi usiku. Kanyumbako kanachedwa Treetops. Mwana wamkazi wa mfumu ya ku Britain, Elizabeth, anagonamo mu February 1952, usiku womwewo umene atate wace, Mfumu George VI, anamwalira. Anakwera mumtengomo ali mwana wa mfumu, natsika ali mfumukazi.

Titsikire kum'mwera, ku Botswana. Mtsinje wa Okavango umacokera ku mapiri a ku Angola, koma sufika kunyanja yaikulu. Madzi ace amamwazikana mumcenga wa Kalahari napanga zisumbu ndi madambo. Maloji a kumeneko ali pa zisumbu, ndipo alendo amafika pa ndeke zazing'ono nayendayenda m'mabwato ochedwa mokoro, okankhidwa ndi mtengo wautali. Boma la Botswana linasankha dala kulandira alendo ocepa olipira zambiri, kuti mapazi ndi magalimoto asaculuke ndi kuwononga malowo.

Ku Rwanda, maloji amamangidwa m'tsinde mwa mapiri a Virunga, mmene mumakhala anyani aakulu ochedwa gorila. Kuyambira m'caka ca 2017 cilolezo cokawona anyaniŵa ndi madola 1,500, ndipo mlendo amakhala nawo ola limodzi lokha, m'kagulu ka anthu osaposa 8. Pa ndalama zimene mapaki a dzikolo amapeza, gawo limodzi mwa magawo 10 limapita ku midzi yozungulira kukamanga masukulu, zipatala ndi mijigo.

Tiwoloke nyanja ya Atlantic kufika ku Peru, m'nkhalango ya Amazon. M'mphepete mwa mtsinje wa Tambopata muli loji yochedwa Posada Amazonas. Cipinda ciliconse cilibe khoma mbali imodzi, kuti mlendo adziwona mitengo ndi mbalame ali cigonere. Lojiyo ili pa dziko la anthu a mtundu wa Ese Eja. M'caka ca 1996 iwo anapangana ndi kampani ina kuti amange lojiyo pamodzi, ndi kuti pa phindu lililonse magawo 60 mwa 100 adzikhala a mudzi.

Potsiriza tikwere kumpoto kwenikweni, ku mudzi wa Jukkasjärvi m'dziko la Sweden. Kumeneko kumazizira kotero kuti mtsinje wa Torne umauma gwa. Anthu amadula madzi oundanawo ngati njerwa namangira zipinda, ndipo alendo amagona pa zikopa za nyama, akuyembekeza kuwona kuwala kobiriŵira kumene kumabvina kumwamba usiku. Nyengo yofunda ikafika, zipindazo zimasungunuka ndipo madzi amabwerera mumtsinje. Kodi simukukumbukira misasa yathu yaudzu ya ku Luangwa?

Phindu ndi mabvuto

Mwawona kuti malo onseŵa ndi osiyana, koma cimene cimakopa mlendo ndi cimodzi: cilengedwe cosawonongeka. Cikawonongeka, loji imatha nchito. Ife tili ndi umboni wowawa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, opha nyama mwakuba anapha njobvu zikwi zambiri m'cigwa ca Luangwa cifukwa ca minyanga, namaliza zipembere zonse. M'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda catha m'Zambia. M'caka ca 2003 zipembere zina zinacita kubwera pa ndeke kucokera ku South Africa, ndipo zinaikidwa ku North Luangwa, kumene zimalondedwa usana ndi usiku.

Loji imalemba nchito ophika, ocapa, okonza magalimoto, omanga, alonda ndi otsogolera alendo. Imagula ndiwo zamasamba kwa alimi ndi udzu kwa amai a m'midzi. Komabe tisabise mbali inayo. Njobvu imene mlendo amaijambula masana ndi yomweyo imene ingathe kumaliza munda wa cimanga usiku umodzi, ndipo nthaŵi zina imapha munthu. Alimi amayesa kuithamangitsa ndi mipanda yopakidwa tsabola, ndi kugona m'minda akuimba zitini. Ngati mlimi ameneyo sawona phindu lililonse la alendo, kodi tingamuuze bwanji kuti akonde njobvu? Ndico cifukwa cace pangano la Mfumu Nsefu, lamulo la ku Rwanda ndi cigwirizano ca ku Peru zili zofunika kuposa makama ofeŵa.

Akulu akale anati mlendo ndi mame. Zimenezi zinawoneka m'caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 anaimitsa ndeke. Maloji anatsekedwa, ndipo mabanja ambiri anasoŵa pogwira. Cotero mudzi wanzeru umalandira alendo, koma susiya khasu.

Inu ana, ena mwa inu mudzakhala otsogolera alendo, ena oyang'anira nyama, ndipo ena eni maloji. Wotsogolera alendo ku Luangwa amalemba mayeso obvuta, ndipo ayenera kudziŵa maina a mbalame, mitengo ndi makhalidwe a nyama. Yambani lero. Funsani agogo anu maina a mitengo ya kwanu ndi nchito zace, ndipo musatenthe chire mwacisawawa.

Zocita m'kalasi

1. Aphunzitsi, thandizani ana kupeza pa mapu maiko 6 amene tachula: Zambia, Kenya, Botswana, Rwanda, Peru ndi Sweden.
2. Kodi pangano la m'caka ca 1950 linali lotani, ndipo linathandiza yani?
3. N'cifukwa ninji misasa ina ya ku Luangwa imapasulidwa mu Novembala?
4. Gaŵani kalasi paŵiri. Gulu lina likhale alimi amene njobvu zawadyera cimanga, lina likhale eni loji. Kambiranani mmene mungakhalire pamodzi mwamtendere.

Tsalani bwino ana, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.