Kodi Mumadziwa? Galu pa Bala ndi m'Lesitilanti

Kodi mumadziwa kuti ku Britain kulibe lamulo loletsa galu kulowa m'malo odyera kapena omwera mowa? Lamulo la ukhondo limangofuna kuti chiweto chisafike kumene chakudya chikukonzedwa kapena kusungidwa. Kukhitchini galu saloledwa, koma zoti agone pansi pa tebulo la kasitomala, mwini malo ndiye aone. Mukapeza chikwangwani chokana agalu pakhomo, wakana ndi mwini wakeyo, osati boma.

Kodi mumadziwa kuti khitchini yomweyo ndi kumene agalu ena ankagwira ntchito? Kwa zaka mazana atatu, m'nyumba zikuluzikulu ndi m'malo ogona apaulendo ku Britain munkakhala kagalu kotalika thupi, kafupi miyendo, kotchedwa turnspit. Ankakaika m'gudumu lamatabwa lokhomedwa pakhoma pafupi ndi moto. Kakamathamanga m'menemo, gudumu linkazungulira, ndipo tcheni chinkatembenuza chitsulo chobayira nyama kuti ipse mbali zonse. Nyama ikakhala yaikulu, kagaluko kankathamanga kwa maola, fungo likukalowa m'mphuno, koma nthuli n'kukadya ena. Buku lofotokoza agalu a ku England la 1576 linakatchula kale. Makina otembenuzira nyama atafala, agaluwa anasowa wowaweta, ndipo pofika cha m'ma 1900 mtundu wonse unali utatha psiti. Wina dzina lake Whiskey anaumikidwa, ndipo amasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Abergavenny, ku Wales.

Kodi mumadziwa kuti kampani ya Wetherspoon, yomwe ili ndi mabala mazanamazana, imakana agalu kuyambira 1979? Mu September 2018 inalimbitsa lamulolo mpaka pamipando yapanja. Zifukwa zake: mabala amadzaza, ana ena amaopa agalu, ndipo ngakhale galu wofatsa sadziwika tsiku lomwe angatembenuke. Eni agalu analira, koma pa mfundo ya ana, kampaniyo sinaname.

Kodi mumadziwa kuti pali galu amene ngakhale Wetherspoon singamubweze? Ameneyu ndi wothandiza munthu wa ulumali, monga wotsogolera wosaona. Lamulo la Equality Act la 2010 limateteza mwini wake ku England, Scotland ndi Wales. Amene mukugwira ntchito m'malesitilanti kumeneko, musayese dala kunena kuti "galuyo atsale panja", mungawaputire mlandu abwana.

Ku America nkhaniyi anaiyala bwino kwambiri. Woperekera zakudya amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha: ngati galuyo akufunika chifukwa cha ulumali, ndi ntchito imene anaphunzitsidwa kugwira. Kufunsa chikalata, kapena matenda a munthuyo, n'kulakwira lamulo.

Kodi mumadziwa kuti galu wamba ku America nthawi zambiri amathera pakhonde? M'kati mwa lesitilanti saloledwa. California inavomereza agalu pamatebulo apanja kuyambira January 2015, ndipo New York inatsatira chaka chomwecho. Ku France ndi ku Germany, galu atagona pamapazi a mbuye wake m'lesitilanti sadabwitsa munthu.

Kodi mumadziwa kuti galu akapita kumowa ku Britain ayenera kuvala kolala yolembedwa dzina ndi adiresi ya mwini wake? Lamulolo ndi la 1992, ndipo limakhudza malo alionse opezeka anthu.

Kodi mumadziwa kuti chifundo cha patebulo chimapha? Anyezi ndi adyo zimawononga maselo ofiira a magazi a galu, kaya zikhale zaziwisi kaya zokazinga, choncho msuzi wotsala m'mbale si mphatso. Mphesa, makamaka zouma, zimatha kuimitsa impso. Chokoleti chili ndi theobromine, amene thupi la galu limachedwa kumuchotsa. Fupa lophika limasweka n'kukhala zisonga zobaya matumbo. Mowa ndiye woipa pawiri: galu amaledzera ndi wochepa kwambiri, ndipo hops, chomera chimene chimawawitsa mowa, amatha kumutenthetsa thupi mpaka kufa. Womwetsa galu thovu kuti anzake aseke, ndalama za mawa ayambiretu kusungira dokotala wa ziweto.

Nanga mumadziwa kuti agalu ali ndi mowa wawo? Mu 2007 mwini sitolo ya ziweto m'tauni ya Zelhem, ku Netherlands, anayamba kugulitsa Kwispelbier, wofululidwa kuchokera ku msuzi wa ng'ombe ndi chimera, wosaledzeretsa. Botolo lake linkaposa mtengo wa mowa umene mbuye wa galuyo ankamwa.