Kafotokozedwe Komveka ka Parser ndi Interpreter

1. Chiyambi

M'chaka cha 1956 Noam Chomsky anasindikiza pepala lofotokoza mitundu ya galamala mwa njira ya masamu. Mu 1959 John Backus anapereka njira yolembera malamulo a chiyankhulo cha kompyuta, ndipo Peter Naur anaikonza naigwiritsa ntchito mu lipoti la ALGOL 60 la m'chaka cha 1960. Pambuyo pake kunaoneka kuti njira ya Backus ndi Naur ili ndi mphamvu yofanana ndi mtundu umodzi wa galamala za Chomsky. Motero parser ndi mbale wa ntchito yathu ya kusanthula ziganizo. Komabe mabuku ambiri amayamba ndi maina ndi zizindikiro, kotero kuti wophunzira amatopa asanaone chimene pulogalamuyo ikuchita. Pepala lino likunena kuti wofotokoza ayambe ndi ntchito, dzina lidze pambuyo.

2. Kuyambira pa chodziwika

Taonani ziganizo izi:

(1) Ndinaona mwana wa mlimi wamtali.
(2) Ndinaona mwana wa mfumu yaitali.

Mu (1) sitidziwa ngati wamtaliyo ndi mwana kapena mlimi, pakuti maina onse awiri ali m'gulu limodzi. Mu (2) mgwirizanitsi wathetsa chikaiko: mfotokozi wamangika ku mfumu. Mau a mu (1) ndi omwewo, ndondomeko yake ndi yomweyo, koma mitengo yosonyeza kumangana kwa mauwo ndi iwiri. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kale vuto limene parser imalimbana nalo.

3. Chitsanzo chimodzi kufikira mapeto

Tsopano titenge chiganizo cha masamu:

(3) 2 + 3 × 4

Poyamba pulogalamu imadula mzerewu m'zidutswa zisanu: manambala atatu ndi zizindikiro ziwiri. Kenaka parser imamanga mtengo. Monga mu (1), mitengo ingathe kukhala iwiri: wina womanga 2 ndi 3 poyamba, wina womanga 3 ndi 4. Galamala ya chiyankhulocho ndiyo imaweruza kuti kuchulukitsa kumange msanga koposa kuphatikiza. Parser siwerengera kanthu. Ntchito yake imathera pa mtengowo.

Interpreter ndiyo imayenda mumtengomo kuchokera kumasamba kupita kutsinde, nichita chimene nthambi iliyonse ikulamula. Imapeza 12, niphatikiza 2, nipereka 14. Ukanakhala mtengo winawo, yankho likanakhala 20. Wofotokoza asasinthe chitsanzo pakati pa njira, chifukwa kusiyana kwa 14 ndi 20 ndiko kumaonetsa wophunzira malire a ntchito ziwirizi.

4. Za maina

Apa ndi pamene okonza chiyankhulo ayenera kusamala. Nkosavuta kutcha interpreter kuti "womasulira", koma kwa Mchewa womasulira ndi munthu woimirira m'bwalo la milandu kapena m'tchalitchi, wochotsa mau m'chiyankhulo china kuwapititsa m'china. Imeneyo ndi ntchito ya compiler, imene imasandutsa pulogalamu kukhala malamulo a chiyankhulo china kuti adzachitidwe pambuyo pake. Interpreter imachita zolembedwazo nthawi yomweyo. Dzina lomasuliridwa mothamanga lingaphunzitse chinthu cholakwika, ndipo likazika mizu m'mabuku a sukulu nkovuta kulizula.

5. Mau omaliza

Tikupempha olemba kuti atsate mfundo zitatu: ayambe ndi chiganizo chimene wowerenga angasanthule yekha, asunge chitsanzo chimodzi kufikira yankho litatuluka, ndipo apatse chinthu chilichonse dzina limodzi lokha, ntchito yake itaoneka kale. Kufikira akatswiri a chiyankhulo ndi a kompyuta atagwirizana pa maina a Chichewa, nkwabwino kusunga mau obwerekawa pamodzi ndi kafotokozedwe kolondola.