TIMASITIMA TA PA THEBULO

Ana ambiri a m'midzi ndi a m'matauni adziwa kupinda mawaya ndi kupanga timagalimoto toyenda, ndipo ena aumba ng'ombe zadothi. Ku maiko ena, monga Britain, Germany, America ndi Japan, kuli anthu akulu-akulu, ena a imvi ndithu, amene acita nchito yonga imeneyi pa nthawi yao yopuma. Iwo amanga njanji zazing'ono pa mathebulo m'nyumba zao ndi kuyendetsapo timasitima ta magetsi. M'mbali mwa njanjizo aika mapiri, mitsinje, maulalo, masiteshoni ndi tianthu, kotero kuti munthu poyang'ana ayesa kuti aona dziko leni-leni ali pamwamba pa phiri lalitali.

Mwa anthu amenewa alipo ena amene safuna kufanizira masitima akulu othamanga, koma asankha masitima a pa njanji zopapatiza. Cifukwa cace cimveka bwino munthu akayamba wadziwa za njanji zeni-zeni.

Mpata wa njanji

Sitima ya pamtunda iyenda pa zitsulo ziwiri zogona pa mitanda. Mpata wa pakati pa zitsulozo suli umodzi m'maiko onse. Njanji zambiri za pa dziko lapansi ziri ndi mpata wa mamilimita 1,435, ndiwo mapazi 4 ndi mainchesi 8½. Njanji iri yonse ya mpata wocepera pamenepa ichedwa yopapatiza. Njanji za m'Zambia ziri m'gulu limeneli, pakuti mpata wace ndi mamilimita 1,067. Ndiwo mpata wa njanji imene inaoloka Zambezi pa ulalo wa ku Victoria Falls m'caka ca 1905 ndi kufika ku Kabwe mu 1906, ndiwonso mpata wa njanji ya TAZARA yocokera ku Kapiri Mposhi kunka ku Dar es Salaam.

Njanji yotakata ifuna njira yoongoka, ndipo pokhota ikhota pang'ono-pang'ono. Pa dziko la mapiri amisiri ayenera kuboola miyala ndi kumanga maulalo atali, ndipo nchito yotere idya ndalama zambiri. Koma njanji yopapatiza itha kuzungulira phiri monga kanjira ka mbuzi. Zitsulo zace n'zopepuka, ngolo zace n'zazing'ono, ndipo mtengo womangira ucepa.

Njanji ziwiri za ku Wales

M'mapiri a ku Wales, m'dziko la Britain, mupezeka mwala wochedwa sileti, umene aung'amba mopyapyala kuti afolerere nyumba. Ndi mwala womwewo umene ana a sukulu a kale anali kulembapo. M'caka ca 1836 anatsegula njanji ya Ffestiniog, ya mpata wa mamilimita 597 okha, yotengera sileti kucokera ku migodi ya ku Blaenau Ffestiniog kutsikira ku dooko la Porthmadog, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 22. Njanjiyo anaimanga motsetsereka kucokera kumapiri kufikira kunyanja, kotero kuti ngolo zodzala ndi miyala zinali kutsika zokha popanda cozikoka. Akavalo ndiwo anali kukoka ngolo zopanda kanthu pobwerera kumtunda, ndipo potsika iwonso anali kukwera m'ngolo yao-yao, napumula m'njira. Mu 1863 munabwera mainjini a nthunzi amene analowa m'malo mwa akavalowo.

Njanji ina ya sileti ndiyo ya Talyllyn, ya mpata wa mamilimita 686, imene inamangidwa mu 1865. Patapita zaka, malonda a sileti anazirala, ndipo malole ndi mabasi analanda katundu ndi anthu aulendo. Njanji zambiri zazing'ono zinatsekedwa, zitsulo zace zinazulidwa ndi kugulitsidwa. Ya Ffestiniog inaleka kuyenda mu 1946. Mwini wace wa njanji ya Talyllyn atamwalira mu 1950, anthu okonda masitima anagwirizana kuti aiyendetse okha popanda malipiro, nayamba mu 1951. Iyo ndiyo njanji yoyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa mwa njira yotere. Ya Ffestiniog inayambanso kuyenda pang'ono mu 1955, ndipo pofika 1982 masitima anafikanso ku Blaenau Ffestiniog.

Koma njanji zina zambiri sizinapeze ozipulumutsa. Zimene zatsala ndi zithunzi, mapu ndi zojambula za amisiri. Munthu wopanga cifanizo ca njanji yotere asonkhanitsa zotsalazi, nazipenda bwino, ndipo motero ana a lero atha kuona m'mene sitima inali kuyendera m'cigwa cimene tsopano mwamera udzu.

Muyeso ndiwo mwini nkhani

Kusiyana kwa cidole ndi cifanizo kuli pa muyeso. Wopanga cidole apanga monga kwamkomera, koma wopanga cifanizo acepetsa zinthu zonse mofanana, monga acita wojambula mapu. Ku Britain ambiri atsata muyeso wa 1 pa 76, ndiko kuti cinthu ciri conse cicepetsedwa ka 76. Munthu wotalika mamilimita 1,750 akhala kamunthu ka mamilimita 23, ndipo citseko ca mamita 2 cikhala ca mamilimita 26. Cinthu cimodzi cikaphonya muyeso, maso acizindikira msanga. Nkhuku yolingana ndi mbuzi iononga mudzi wonse.

Mpata wa njanji uyeneranso kutsata muyeso womwewo. Mamilimita 686 a njanji ya Talyllyn akagawidwa ndi 76 apatsa mamilimita 9. Cifukwa cace zifanizo za mtundu umenewu zichedwa 009. Mmodzi wa oyamba kuzipanga anali P. D. Hancock wa ku Edinburgh, amene anayamba njanji yace ca m'ma 1950. Masiku amenewo m'masitolo munalibe timainjini totere, ndipo zambiri anali kudzipangira yekha. Anthu a luso limeneli atacuruka, anayambitsa bungwe lao lochedwa 009 Society mu 1973. Ku America ambiri akonda muyeso wa 1 pa 48 pa njanji ya mamilimita 16.5, umene auchula On30. Wofuna kufanizira sitima ya m'Zambia pa muyeso wa 1 pa 87 afuna njanji ya mamilimita 12, ndipo mainjini akale oti awayese ndi kuwajambula angawapeze ku nyumba yosungira masitima ya ku Livingstone.

Muyeso womwewo ubweretsa bvuto lina. Pa muyeso wa 1 pa 76, kilomita imodzi ifuna mamita 13. Njanji ya Talyllyn, imene iri ya makilomita pafupi-fupi 12, ikadafuna malo otalika kuposa bwalo la mpira. Motero mmisiri ayenera kusankha zocepa zimene zisonyeza bwino maonekedwe a njanjiyo: siteshoni imodzi, ulalo umodzi, ndi mgodi kumapeto. Apa ndipo paoneka ubwino wa njanji yopapatiza. Monga ikhota msanga m'mapiri, momwemonso ikhota msanga pa thebulo. Njanji ya 009 itha kuzungulira pa thabwa la masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndipo kasitima ka ngolo zitatu kapena zinai kaoneka kokwanira, pakuti masitima eni-eni a mtunduwo analinso afupi.

Kamangidwe kace

Nchito iyamba pa pepala. Mmisiri ajambula kumene njanji idzapita, pamene idzakhota, ndi pamene padzakhala mphambano zopatutsira ngolo. Adzifunsanso kuti sitimayo idzanyamula ciani, ndipo idzacoka kuti kunka kuti, cifukwa njanji yeni-yeni siimangidwa popanda nchito yace.

Atatha kujambula, apala thabwa lolimba ndi kulikhomera pa mitanda kuti lisapindike. Pamenepo ayala njanji mosamala, naonetsetsa kuti zitsulo zikomana bwino polumikiza. Kampata kakang'ono ngati njere ya mapira kakwanira kugwetsa injini. Citunda asacicite cotsetsereka kwambiri. Ambiri salola njanji kukwera koposa sentimita imodzi pa masentimita 30. Asanamange cina ciri conse, ayesa kasitima kace kawiri-kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti kukonza njanji imene yakwiriridwa kale ndi phiri n'kobvuta.

Zotsalazo sizilira ndalama zambiri. Mapiri awaumba ndi makatoni ndi mapepala akale onyowetsedwa ndi guluu, ndipo akauma awapaka utoto. Udzu ucokera ku utuci wonyikidwa mu utoto wobiriwira. Mitengo aipanga popota timawaya ndi kumatapo tizidutswa ta siponji. Mcenga wosefa ulowa m'malo mwa miyala yoswa ya pakati pa mitanda. Nyumba azidula m'makatoni. Potsiriza mmisiri waluso adetsa zinthu zace dala: apaka mwaye pa injini ndi dzimbiri pa malata, cifukwa sitima yogwira nchito siikhala yoyera ngati mbale yatsopano.

Kayendedwe kace

M'kati mwa kainjini muli kamota ka magetsi. Magetsi a m'nyumba ndi oopsa, motero ayamba apita m'kabokosi kowacepetsa mphamvu kufikira mavoti 12. Kucokera m'menemo ayenda m'citsulo cimodzi ca njanji, nakwera m'magudumu, nazunguza mota, ndi kubwerera pa citsulo cinaco. Woyendetsa akaonjeza mphamvu kasitima kathamanga, ndipo akatembenuza njira ya magetsi kabwerera m'mbuyo. Pfumbi likakhala pa njanji magetsi alephera kudutsa ndipo kasitima kaima, cifukwa cace njanji ipukutidwa nthawi ndi nthawi. Masiku ano kulinso zipangizo za kompyuta zolola mainjini angapo kuyenda pa njanji imodzi, iri yonse ndi liwiro lace.

Thebulo limodzi lotere litenga miyezi yambiri, mwinanso zaka. Wolimanga aphunzira kupala matabwa, kulumikiza mawaya, kuwerengera ndi kujambula, ndiponso mbiri ya anthu amene anakumba migodi ndi kuyala njanji. Koposa zonse aphunzira kupenyetsetsa, pakuti sangafanizire mtengo kapena ulalo umene sanauyang'ane bwino. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene ayamba wayesa galimoto leni-leni asanapinde waya wace wayamba kale nchito yomweyo.

MAFUNSO

1. Kodi njanji yopapatiza ndi yotani? Chulani mpata wa njanji za m'Zambia.
2. Cifukwa ninji njanji zopapatiza zinamangidwa m'maiko a mapiri?
3. Fotokozani m'mene ngolo za sileti zinali kuyendera pa njanji ya Ffestiniog kusanabwere mainjini.
4. Mtengo uli wotalika mamita 15. Pa muyeso wa 1 pa 76, cifanizo cace cidzakhala ca masentimita angati?
5. Yesani cipinda canu cophunziriramo, ndipo mucijambule pa muyeso wa 1 pa 100.