Kuteteza Mbande za Mkuyu ku Mchere wa M'nthaka

Mkuyu wa zipatso wotchedwa Ficus carica umapirira chilala, koma mbande zake zimavutika msanga ndi mchere. Vutoli likukhudza alimi a kumadera kumene madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ndi amchere, monga mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje.

Zimene mchere umachita

Mchere ukachuluka m'dothi, mizu imalephera kuyamwa madzi ngakhale dothilo likhale lonyowa. Sodiyamu amalowa m'mizu ndi kutsekereza potaziyamu amene mbewu imafuna kuti ikule. Timabowo ta pamasamba timatsekeka, kotero mbande sipanga chakudya chokwanira. Masamba amapsa m'mphepete ndi kuyoyoka, ndipo mbande imapinimbira kapena kufa kumene.

Ntchito ya salicylic acid

Salicylic acid ndi mankhwala amene zomera zimapanga zokha zikakumana ndi matenda kapena mavuto ena. Amafanana ndi asipilini. M'chaka cha 1979 katswiri wina, R. F. White, anaonetsa kuti asipilini amathandiza fodya kulimbana ndi matenda a mosaic. Kuchokera pamenepo kafukufuku pa mbewu zosiyanasiyana waonetsa kuti mankhwalawa amachepetsanso kuonongeka kobwera ndi mchere.

Akapoperedwa pamasamba, amadzutsa chitetezo cha m'kati mwa mbande. Mbande imasunga potaziyamu wambiri, masamba sataya msanga madzi ndi kubiriwira kwake, ndipo poizoni amene amapangika m'masamba chifukwa cha mchere amachepa.

Mulingo

Ubwino wa mankhwalawa wagona pa kuchepa kwake. Ofufuza kawirikawiri amasungunula galamu imodzi m'malita 7 kufikira 14 a madzi. Mulingo ukapyola kwambiri, mankhwala omwewo amatentha masamba ndi kubweza mbande m'mbuyo. Chifukwa chake mlimi ayambe wapopera mbande zochepa, makamaka m'mawa kapena madzulo, ndi kuziyerekeza ndi zosapopera.

Chofunika kukumbukira

Salicylic acid sachotsa mchere m'dothi. Amangothandiza mbande kupirira pamene idakali yanthete. Nazale ikhale pamalo osadikha madzi, machubu akhale obooledwa kunsi, ndipo nthawi ndi nthawi mbande zithiriridwe madzi abwino ambiri, monga a mvula, kuti mchere utsike kupyola mizu. Kuphimbira dothi ndi udzu kumachepetsa mchere woyera umene umatsalira pamwamba madzi akauma. Mlimi amene akukayika za madzi ake apemphe mlangizi wa zaulimi kuti amuthandize kuwayezetsa asanakhazikitse nazale.